Kanyali Kachitatu

Kanayi lero.
Kanyali kachitatu kuchokera kumanzere kafiiranso,
mawu a mlendo wanga adukira pakamwa:
"Tifika Lachisanu, tilipo anthu..."
Angati? Awiri? Khumi?
Ndiitane onyamula katundu angati ku Likhubula?

Ine Fanizo Makwinja,
wofika pa Sapitwa nkhungu itatseka maso,
wodziwa mwala woterera ndi chala chaphazi,
ndagonjera kabokosi koyera ka nyanga ziwiri.

Ndinazimitsa, n'kuwerenga mpaka makumi atatu
monga anandiuzira mtsikana wa kukampani
atandidikiritsa pafoni mpaka tiyi kuzizira.
Ndinayatsa. Kanabiriwira.
Ndisanamalize kunena zikomo, kanafiira.

Simu ndinaitulutsa, kuipukuta pamalaya,
kuiuzira ngati chala cha mwana chapsa.
Bandulo ilipo, ndagula dzana.
Rauta ndayenda nayo nyumba yonse:
pakabati, pawindo, pamwamba pa chitseko,
nyanga zitaloza nsanja ya pa Chitakale
kudutsa minda ya tiyi.

Kenako ndinakayikira anyamata a kwa Nakhumwa,
aja amatsamira mpanda wathu madzulo
nkhope zikuwala m'manja.
Ndinasintha pasiwedi,
n'kuika dzina la galu wathu uja anafa
ndi chaka chimene anafera.
Anyamatawo anasiya kundipatsa moni.
Kanyali sikanasiye.

Ndinanamizira chiperoni.
Ndinanamizira ngakhale phiri,
lomwe landidyetsa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri,
ndati mwina msana wake ukutchinga.

Lachitatu usiku ndinatenga kope lolembamo alendo,
ndinatsegula tsamba lakumapeto
n'kukhala pansi, monga timakhalira njira ikasowa,
kuti makutu ayende m'malo mwa miyendo.
Eyiti itangokwana, kofiira. Ndinalemba.
Hafu pasiti eyiti, kofiira. Ndinalemba.
Mvula inaleka. Nyumba inangoti zii.
Ndipo pakona
filiji inatsokomola,
inanjenjemera ngati wotuluka m'madzi a Dziwe la Nkhalamba,
babu linaphethira,
kanyali psuu!

Ndinagwada, tochi kukamwa.
Mapulagi awiri pa ekisitenshoni imodzi,
bowo lina lachita kupserera,
kununkha ngati tsitsi lowauka.
Filiji ikakoka mpweya, rauta imakomoka.
Mlandu wonse ndi umenewo.

Koma filijiyo ndi ya Elube.
M'menemo mumagona mafirizesi a malambe ndi bwemba,
mazana awiri, omangidwa ndi zala zake usiku,
oti akagulitse pageti la sukulu ku Chisitu.
Januwale, Febuluwale, Malichi,
pamene palibe mlendo wokwera phiri
ndipo nsapato zanga zimamera nkhungu kuseri kwa chitseko,
amene amatsokomola pakonayo
ndiye amalipira fizi ya Tiyese.

M'mawa ndinamuuza,
ndi mawu a munthu wagwira mbava.
Iye anali kutsuka kulaboksi, sanatembenuke.
"Ndiye muzimitsa chiti, bambo?"

Sindinayankhe. Ndinapalasa njinga
kukagula waya mamita asanu ndi atatu ndi soketi.
Bambo Mulapwa a zamagetsi anabwera masana,
anaboola khoma, fumbi mbuu pamakatani,
anati adaputalayo nayo yatopa,
n'kundisiya ndi ngongole.

Tsopano aliyense ali ndi pake.
Filiji ikutsokomola kukhitchini,
rauta ili duu pabalaza, maso anayi obiriwira,
ndipo ine, mwa chizolowezi,
ndimatembenukabe ndikamva kutsokomolako.

Alendo aja alipo asanu ndi awiri.
Ndikufunika onyamula katundu anayi,
ndipo amphamvu amene ndikuwadziwa
ndi a kwa Nakhumwa.
Ndalemba dzina la galu pakapepala,
lili m'thumba la malaya.
Akubwera apo, atatu, akuyang'ana kumbali.
Sindinadziwebe poyambira.