Kaundula wa Gulu Lachinayi

Ndine Prokhor, mlembi wa gulu lachinayi.
Mfuti ndinapatsidwa, koma inachita dzimbiri pamsomali.
Nkhondo yanga ndinamenya ndi cholembera
m'kakhumbi ka miyala, kumtunda kwa Erzurum,
kumene inki inkaundana usiku
ndipo ndinkaifungatira m'khwapa ngati dzira
kuti kukacha ndilembe otsala.

Tinakwera kuno tili mazana awiri ndi makumi anayi,
nyulu makumi atatu, mizinga iwiri
imene tinaikoka ndi zingwe pamapewa
nyulu zitakana.
Chipale chinatidya kuposa Aturuki.
Zakhar Bubnov anakhala pansi kuti amange nsapato,
mpaka lero akumangabe.
Pambali pa dzina lake ndinalemba kuti: wasowa.
Liwu limeneli ndi lalifupi, silitha inki.

Mwezi wa Malichi nthambo ya lamya inanjenjemera:
mfumu yatula pansi ufumu.
Kaputeni Veresov anawerenga kawiri, navula chipewa,
nachivalanso, posadziwa woti amuvulire.
Anyamata anapanga komiti m'khola la nyulu
poti ndimo munali mofunda.
Anasankha Ignat wophika kukhala wapampando
chifukwa iye yekha ndiye anali asanatinamizepo:
msuzi ukakhala madzi, ankanena kuti ndi madzi.

Anathothola nyota pamapewa a kaputeni
monga mayi achotsera mwana chisoso pamalaya,
popanda mkwiyo.
Panatsala timabowo ta ulusi, tinayi uku, tinayi uku.

Kenaka kalata zinayamba kununkha dothi.
Kwathu akugawana minda!
Wochedwa adzapeza miyala yokhayokha!
Ndani angalondere phiri la eni ake
pamene mnansi akupima dambo ndi chingwe?
Ankachoka usiku, awiriawiri, atakulunga nsanza kumapazi.
Pambuyo pake ankachoka masanasana, akuimba.
Mfuti imodzi, mikate iwiri.
Chishalo cha Mkosaki, botolo la kachasu wa mphesa.
Mzinga sunapeze wogula.

Ine ndinkaitanabe mayina m'mawa uliwonse.
Lyamin! Zii.
Gavrilo Shchur! Mphepo.
Akhmet wa ku Kazan, uja ankapemphera kuseri kwa ngolo
kuyang'ana kumene kunkachokera zipolopolo! Zii.
Phiri lokha ndilo linkandibwezera mayina, odukaduka.

Siranush, mayi wotigulitsa tchizi,
amene mudzi wake unatsala zitsa ndi mwaye,
anaima pakhomo ndi dengu lopanda kanthu.
Sanalire. Anangofunsa:
"Mudabwera osaitanidwa, tinakuzolowerani.
Mukatsika, ife mutisiyira yani?"
Ndinatsegula buku ngati yankho lili m'menemo.
Munali mizere ndi manambala basi.

Tsiku lomaliza anayankha awiri:
kaputeni, atavala jasi la malemu Bubnov,
ndi nyulu yakhungu yotchedwa Generala.
Iye anati atsala, wina ayenera kutseka chitseko.
Chitseko chake chiti, bwana?
Tinachisonkhera moto mu Disembala.

Akuti ku Sarikamish sitima zikunyamuka
anthu ali padenga ngati khwangwala,
ndipo pamphanga ya njanji ena amatsala.
Ndikupita komweko.
Ndili ndi mkazi ku Tambov amene mwina akundidziwabe,
ndi mwana amene ndinamuona m'kalata mokha.

Ndisanatuluke ndatenthetsa inki komaliza,
ndafufuza tsamba lachisanu ndi chiwiri,
pamene pali dzina langa, lolembedwa bwino
ndi dzanja lomwe linali lisanayambe kunjenjemera.
Ndalemba liwu lija, lalifupi.

Buku ndampatsa Siranush.
Waliyeza kulemera m'manja, wanunkhiza chikuto,
wati pepala lake ndi louma, ligwira moto msanga.
Usiku uno gulu lachinayi lonse,
amoyo, akufa ndi osowa,
litenthetsa madzi a ana ake atatu.
Pa zaka zitatu zimene takhala paphiri pano
sindikumbukira ntchito ina imene tinaigwira tonse pamodzi.