Thumba Lopanda Pakamwa

Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri
mchombo wanga unali batani lotsalira,
losatseka kanthu, losatsekula kanthu.
Ndiye mu Juni, mphepo ikudula ngati sizasi,
batani lija linayamba kulira.
M'mawa kadontho pavesiti.
Madzulo kafungo.
Usiku khala la moto pansi pa lamba,
ine wopindika pa makina anga ku Mbare,
phazi likukana kupalasa.

Mnzanga wogulitsa mazipi anati, akulodza ndi telala wapakonayo.
Kukiliniki ya ku Mufakose anati vuto lili m'njira ya mkodzo,
ndipo Nasibeko anandiyang'ana cham'mbali
sabata yathunthu.

Ku Parirenyatwa tinafika kusanache,
khadi m'manja, nambala sikisite wani.
Mtsikana wa sikani anandipaka mafuta ozizira pamimba,
nayendetsa kachitsulo kake monga ndiyendetsera simbi pakolala.
Anaima. Anabwerera. Anaimanso.
Pagalasi panaoneka kanthu kakuda ngati dzira la nkhanga,
katafungatira pakati pa mchombo ndi chikhodzodzo.

Dokotala Makwarimba anajambula kuseri kwa lisiti,
iye Chishona, ine Chishona changa cha zigamba.
Musanabadwe, anatero, panali kanjira apa
kochoka m'chikhodzodzo kulowera kumchombo.
Kamayenera kufota, kusanduka ulusi.
Kanu kanatseka uku, kanatseka uko,
pakati kanasiya thumba.

Thumba losokedwa mbali zonse!
Mwana wophunzira ntchito atandisokera lotero
ndikanamuuza asole.
Koma anasoka ili ndi mayi anga,
mumdima, opanda choko, opanda tepi,
akupalira chimanga ku Ntcheu.
Iwo anapita chaka chija ndalama tinkanyamula m'matumba
koma osakwana tikiti ya basi.
Sindinaponyeko dothi.
Ndinkati zonse za pakati pathu zinatsekeka.

Poyamba tizimitse moto, anatero dokotala,
nyumba ikuyaka safolera.
Masiku khumi ndi anayi a mapilitsi,
mafinya anauma, thupi linazizira.
Nasibeko anagulitsa makina aja a ovaloko.
Sanandifunse.

Tsikulo anandiveka mkanjo wotseguka kumbuyo,
wosokedwa mwaulesi, mpendero wokhota.
Ndinafuna kunena, koma anati werengani chobwerera.
Khumi. Zisanu ndi zinayi. Zisanu ndi

Akuti anaboola timabowo titatu,
anapopa mimba ngati mpira,
analowetsa diso lagalasi ndi timapanilo tatitali.
Anasenda thumba lonse osaliphulitsa,
ndi chingwe chake, ndi kachidutswa ka denga la chikhodzodzo,
kuti pasatsale mbewu yodzamera choipa.
Ine kunalibe.
Ndinadzuka kukhosi kuli gwa, phewa likuwawa,
paipi ikundikodzera m'kathumba ka pulasitiki,
thumba lina, lokhala ndi pakamwa.

Ndinapempha kuti ndichione.
Sisitala Chiwoneso anakweza kabotolo pawindo:
kanyama kotuwa, kakang'ono kuposa mantha anga.
Ndipatseni ndikakwirire kwathu, ndinatero,
kuseri kwa khola kumene anakwirira mchombo unzake.
Anaseka. Kakupita kulabu, sekuru.

Masabata atatu ndinasoka mayunifolomu a sukulu
ndi khutu limodzi pafoni.
Paipi anachotsa. Ndinakodza ndekha, ndinanyadira ngati mwana.
Kenaka pepala, mzere umodzi wokha umene ndinamva:
si khansa.
Nasibeko anakhala pansi pakhonde la chipatala,
navula nsapato, osanena kanthu.

Tsopano ndikamasamba ndimayendera ntchito ya Makwarimba.
Misoko itatu, yaifupi, yosakoka nsalu.
Wapansiwu wapendekeka pang'ono.
Ndikanamulemba ntchito.

Anthu akandifunsa kwanu n'kuti,
ndinkati kumene kunagwera mchombo wanga.
Lero ndimayamba ndakanda pamimba.
Theka lili ku Ntcheu, chiswe chinadya kalekale.
Theka lili pashelefu ina muno mu Harare,
m'kabotolo kolembedwa dzina langa molakwika.