Khutu la Kumanzere

Ndinakwera nawo makatoni atatu
mpaka pansanjika yachinayi,
chikepe chitafa kuyambira Lachiwiri.
Kunja mzinda wa Gdańsk unali utafunda chipale chofewa,
mphepo ya kunyanja ya Baltic ikuluma makutu.

Bambo anatsegula chitseko n'kuyang'ana katunduyo
ngati munthu amene amubweretsera mbuzi kuchipinda chogona.
"Jagoda, zonsezi n'zachiyani?
Ilipoyi yasiya kuyankhula?"

Imayankhula, inde,
sipika yaitali ija yogona kunsi kwa TV
ngati mpini woiwalika,
koma mawu ake onse amatulukira pakamwa pamodzi:
mfuti, bingu, mkazi wolira, wolengeza zanyengo,
onse kuthithikana pakhomo limodzi.
Ndinati, lero tiwagawira malo,
aliyense pangodya pake.

Timasipika tiwiri kuseri kwa sofa.
Chibokosi chogunda pafupi ndi shelefu ya mabuku.
Nthambo ndinaidutsitsa pansi pa kapeti
imene amayi anagula chaka chomwe ndinabadwa,
ndipo pansipo ndinapeza batani la juzi,
kandalama kakale kosagulanso kanthu,
ndi fumbi la zaka zimene sitinasese.

Bambo ankandigwirira tochi,
kuwalitsa polakwika.
Zaka makumi atatu ndi chimodzi anawotcherera zitsulo padoko,
m'mimba mwa sitima zosamalizidwa,
momwe hamala imodzi imabala mahamala khumi.
Khutu la kumanzere analisiya komweko.
M'sitolo muja zimenezi ndinaziiwala.
Ndinadzazikumbukira nditagwada kale,
waya ali kukamwa.

Makinawo anapempha bata kuti ayeze chipinda.
Psiii kutsogolo. Psiii kumanja. Psiii kumbuyo.
Kenaka chibokosi chinatsokomola, gu!
matambula m'kabati n'kuyamba kunjenjemera,
ndipo kunsi kwathu Mayi Leokadia
anayankha ndi mpini wa tsache kudenga kwawo,
katatu,
momveka bwino kuposa zonse zimene ndinagula.
"Imeneyo sunalipire," anatero bambo.

Ndinatsitsa kugundako. Ndinakweza mbali ya kumanzere
mpaka manambala anatha,
bambo n'kupukusa mutu: usadzivute mwanawe,
chitsime chouma sachidzaza ndi supuni.
Anakoka mpando wawo, kwee,
kuuchotsa pakati pomwe kabuku kanalamula,
n'kuupendeketsa kuti khutu lamoyo liloze kumene kuli nkhani,
diso lina ku TV, lina kuzenera.
Amene anapanga makinawa akanaona akanagwira pakamwa.

Tinaika filimu yongotola.
Munthu ankayenda m'nkhalango, osayankhula.
Ndiye mvula inayamba,
osati pagalasi paja ayi, koma kumbuyo kwathu,
waaa, pamasamba amene m'nyumbamo mulibe,
ndipo chitseko china chake chinalira
kuseri kwa phewa lamanja.

Bambo anadzuka.
Anafika pakhomo lotulukira pakhonde,
dzanja lili pachogwirira,
dzina la amayi litatuluka kale:
"Mirka, zovala..."

Panja chingwe chinali chopanda kanthu.
Mapegi atatu okha,
atavala tizipewa toyera.

Anaima pamenepo, msana uli kwa ine,
mvula ikugwabe kuseri kwa sofa.
Ndinagwira limoti, chala chili pabatani lozimitsira,
osadziwa ngati chimene ndakwera nacho masitepe onse aja
ndi mphatso
kapena wakuba wodziwa pamene timabisa kiyi.

Anabwerera, nakhala,
nakonza bulangeti pamawondo mosafulumira.
Ndinayembekeza kuti anena ndilongedze zonse,
poti lisiti linali m'thumba la jekete,
masiku khumi ndi anayi obwezera katundu asanathe.

"Bwezera m'mbuyo," anatero.
"Pamvula paja.
Ndipo potsika ukagogode kwa a Leokadia,
ukawauze kuti Lachisanu abwere adzamve okha.
Tsache alisiye kunyumba."