Pansi pa Siyenta ya Aphunzitsi

Tagwadani pano, aphunzitsi,
musaopere thalauzi, ndayala katoni.
Galimoto siulula matenda ake kumaso.
Utoto ukadali kunyezimira, inde,
koma zoona zili kuno kumimba.

Mwati zaka zitatu zokha?
Kawotchi ka padeshibodi kamawerenga makilomita.
Msewu wa Nkhotakota umawerenga maenje.

Gwirani ichi. Gwedezani.
Mwamva? Inali bushi iyi, mphira wolimba,
lero ili ngati chingamu chimene mwana watafuna n'kulavula.
Shoko iyi yalira mafuta mpaka misozi kuuma,
ndiye dzenje lililonse la pa Khombedza
likuombanitsa chitsulo ndi chitsulo,
go! mpaka m'mano mwa wokwera.
Rimu iyi inapindikira pa Thavite kapena pa Benga,
sindinalipo, koma chipsera sichinama.
Tayala ladyeka mbali imodzi
ngati nsapato ya munthu wotsimphina.

Dzenje silipha galimoto tsiku lomwelo.
Limangokongoza.
Lero kabawuti kamasuka, mawa kamng'alu,
katapila wosalembedwa paliponse,
mpaka m'mawa wina pa Kaphatenga pano
chiwongolero chikana kumvera mwini wake.

Musamuyang'ane choncho Lasitoni.
Ndamuonapo, sindikana:
amafika padzenje ali pagiya yachisanu,
buleki n'kuiponda ataligwera kale,
kilatchi amaiwotcha polimbirana okwera padepoti.
Anthu khumi pamipando ya asanu ndi awiri,
matumba a mpunga kumbuyo,
chitseko chomangidwa ndi linya.
Zonsezo n'zoona.

Koma madzulo mumafuna zingati, aphunzitsi?
Mwanena nokha muja ndikukweza jeke:
fifite sauzande, tsiku ndi tsiku,
kugwe mvula, mafuta asowe, apolisi aime pa Chia.
Maulendo awiri sakwanitsa zimenezo.
Wachitatu uja, wamdima uja,
ndi umene wadya mashokowa.
Mwanayu sakuthamangitsa galimoto,
akuthawa kabuku kanu.

Sindikuweruza ayi.
Ndikudziwa kuti ndi penshoni iyi,
zaka makumi atatu za choko m'mapapo
zinasanduka matayala anayi ndi kiyi mmodzi.
Inenso ndinali nayo yanga, Korola yofiirira.
Ili kuseriko, nkhuku zikuikiramo mazira.
Ndinkati ndipirire, adzathira phula chaka chamawa.
Amene anabwera ndi anyamata a makasu,
kukwirira maenje ndi dothi,
kutambasula dzanja pawindo,
mvula yoyamba n'kukokolola zonse
pamodzi ndi handiredi kwacha yanga.

Ndiye mtengo nawu,
ndalemba kuseri kwa lisiti la oyilo:
mashoko awiri, mabushi, bolojointi,
kuwongola rimu kwa Che Ajasi.
Zotsika mtengo ziliponso, za m'bokosi lokongola,
zimafika Khirisimasi zikakhala ndi mwayi.
Ya ntchito yanga mudzandipatsa pakutha pa mwezi,
munaphunzitsa mwana wanga kuwerenga,
sindingakugwireni pakhosi.

Koma chotsanipo teni sauzande m'kabuku kaja,
mnyamatayu aziona dzenje lisanamuone.
Apo ayi tidzakumananso mu Febuluwale,
inu, ine, ndi katoni yomweyi.

Dzukani bwino, mutu ungagunde ekizozi.
Lasitoni, tandipatsa sipanala ya seventini,
ndipo chotsa phazi pajekepo.