Masekondi Khumi

M'mawa uliwonse ndikadina batani
sikirini imada bii, n'kundifunsa:
lero ulowera khomo liti?
Mayina awiri, lina pamwamba, lina pansi,
masekondi khumi akudontha ngati madzi m'dengu.

Anaziyamba ndi Twaha, mwana wa mlongo wanga,
atabwera kutchuthi, fulashi ili m'thumba la malaya.
Anapeza Windozi ikutsokomola mavayilasi
amene makasitomala a kwa M'baluku
anandisiyira m'malo mwa zikomo.
Iye amvekere, "Amalume, nyumba sitigumula ayi,
tingodulako chipinda."
Anagawa disiki ngati munda wamasiye:
chigawo chachikulu kwa mwini mudzi,
kamzere kakumalire kwa mlendo
wa dzina loluma lilime, Linakisi.

Sabata yoyamba ndinkangosuzumira pakhomo.
Yachiwiri ndinalowa, ndinakhala pansi,
koma pulinta inati uyu sindimudziwa.
Mayi Asiyatu ali chilili ndi kalata ya ngongole,
dzuwa la Okutobala likuwotcha malata,
wakabaza wawo akuliza belu panja.
Ndinazimitsa, n'kuthawira kwa wakale
ngati mkamwini wolephera kupirira apongozi.

Nanga wotchi!
Ndikachoka kwa mlendo kubwerera kwa wakale
nthawi inkatsalira maola awiri.
Lachisanu lina kompyuta ikuti teni koloko,
mwazini akuitana kale kumzikiti.
Ndinathamanga inki ili m'zala.

Sindinasamuke ndi lole.
Ndinasamuka ngati wanjinga powoloka mlatho wa Shire,
mtolo umodzi lero, wina mkucha:
makalata ofunsira ntchito poyamba,
kenako makhadi aukwati,
tizithunzi ta paziphaso,
pomaliza buku la amene sanandilipire.
Mvula yoyamba itagwa pulinta inagonja,
Twaha akundiwerengera pafoni mawu achilendo,
ine ndikutayipa chilembo chimodzichimodzi
mayunitsi asanathe.

Ndi mayi anga ndimayankhula Chiyao,
pamsika Chichewa,
ndipo lilime silipempha chilolezo potembenuka.
Zala nazo zaphunzira.

Wakale akadalipo.
Ndimamuzonda kamodzi pamwezi
chifukwa cha kapulogalamu kena ka malisiti
kamene kanakanitsitsa kusamuka.
Amandilandira ndi madandaulo:
dikirani, musazimitse, ndikudzikonza,
magetsi nawo n'kusankha nthawi yomweyo kuthima.
Twaha akuti mufufuteni, akungodya malo.
Ine ndikuti taima kaye.
Anandidyetsa zaka zisanu ndi ziwiri uyu,
fizi ya Twaha yemweyo inatuluka mmenemo.

Komabe dzulo ndinadina batani
n'kupita kukatsegula chitseko, kukasesa pakhonde,
kukangana ndi wogulitsa malambe za chenje chadzana.
Funso lija linafunsidwa ine kulibe.
Pobwera ndinapeza ndalowa kale,
wotchi ikunena zoona,
Mayi Asiyatu atakhala pabenchi
ndi kalata ina.