Mamita Awiri a Dambo

Anandilemba ganyu ya masiku atatu ku Tsangano
chifukwa ndili ndi mapewa.
Dona Ermelinda wa ku yunivesite,
jombo zake zitamira mpaka m'mawondo,
anati: Gervazio, kanikiza, koma osagwedeza.
Ndinakanikiza chitoliro chachitsulo
pakati pa dambo, pomwe ng'ombe zimakana kuponda.

Chinatuluka ndi mnofu wakuda, wonyowa,
fungo la mtsuko umene unavundikiridwa chaka chatha,
mizu ya mlulu ndi udzu umene unafa koma unakana kuwola.
Iye anadula timagawo ndi mpeni wapulasitiki,
chala chimodzi, chala chimodzi,
kalikonse m'kathumba kake, ndi nambala yake.
Anati fumbi lonse limene linatsika ndi mvula lili umu,
dambo silitaya kanthu.
Ndinaseka. Ine dambo ndimalidziwira kabichi ndi kachewere.

Itapita miyezi isanu ndi iwiri anabweranso
ndi pepala, mzere wokhotakhota ngati msewu wa ku Zobwe.
Pansi penipeni, anati, apa pali utsi wa ng'anjo,
osula makasu amene ngakhale manda awo anasalala.
Pang'ono chabe.
Kutsokomola kumodzi.

Kenako mzere ukukwera phiri. Mtovu.
Petulo wa malole a Apwitikizi,
mabasi a amuna opita ku migodi,
bambo anga ali m'kati, sutikesi ya malata pamiyendo.
Sindinkadziwa kuti utsi umatera.
Ndinkayesa umangopita monga amapitira anthu.

Taona apa, anati, mzere wagwa,
zaka ngati khumi mpweya unayera.
Anayamba kumwetulira, nawerenga zakazo, nasiya.
Ine sindinafune wondiuza.
Ndi zaka zimene msewu unamera tsekera,
galimoto zikuyenda pamdipiti wa asilikali kapena osayenda konse,
ife tili kumsasa kutsidya kwa malire
tikufola ndi makadi a ufa wachikasu,
mkulu wanga Atanazio atatsalira kuti aone mbuzi.
Kagawo koyera kuposa tonse m'chitoliromo
ndi ka chaka chimene tinasiya kumudikira.

Pamwamba, pafupi ndi udzu wamoyo,
mtovu wachepa, petulo anasintha,
koma kwafika alendo ena, mekyule ndi anzake a mayina oluma lilime.
Mwina fumbi la malasha la ku Moatize,
mwina lupsa la mwezi wa Seputembala,
mwina kutali kumene sitinafikeko ndi pawailesi pomwe.
Iye anakana kulumbira. Mphepo siyenda ndi chiphaso.
Sindinamuuze kuti mwana wanga Zeferino amagwira kumeneko,
kuti pa Khirisimasi analavula pakhonde
nafotsera msanga ndi phazi.

Dzenje tinasiya lija linadzitseka lokha sabata yomweyo.
Ndimadutsapo popita kudimba
ndipo masiku ena ndimaima, khasu lili paphewa,
kuganiza za chaka chino chimene chikugona pansi mwakachetechete,
chopyapyala ngati chikhadabo,
muli njinga yamoto ya mphwanga,
muli zinyalala ndinatentha dzulo kuseri kwa khola
pamodzi ndi mabatire awiri a tochi.

Kathumba kamodzi kanatsala kopanda kanthu,
nambala 41, kolembedwa ndi dzanja lake.
Ndimasungamo mbewu ya tomato.