Timabokosi Tinayi

Ndinakwera chapa ya m'bandakucha ku Ulongwe
nditavala majuzi awiri.
Pa Musakama ndinavula imodzi,
pa Moatize fumbi la malasha linandilowa m'mano,
ndipo Tete anandilandira ngati uvuni wa njerwa.

M'chipindamo tinalimo makumi anayi
ndi fani imodzi yothyoka khosi.
A Gerivaziyo, oyang'anira, anakweza wotchi m'mwamba:
"Maola awiri. Lembani nambala, dzina ayi."

Funso lililonse linali ndi timabokosi tinayi.
Ine ndatha zaka khumi ndi chimodzi
m'minda ya kachewere ku Tsangano,
chiwawu ndimachimva fungo tsamba lisanade,
koma pepala linkafuna kudziwa
kuti sitima ziwiri zonyamuka kosiyana
zikakumana nthawi yanji.
Funso ndinkaliwerenga m'Chipwitikizi,
kulitengera kwathu m'mutu, kulisenda, kulibweza,
pofika nalo wotchi itadya kale gawo langa.

Pambali panga mnyamata wa nsapato zoyera,
amene anagula miyezi itatu yokonzekera ku Beira,
ankajompha mayankho ngati nkhuku pa mapira.

Ndinafuna kukwiya, ndinayesadi.
Koma ndinakumbukira chaka chija kunalibe mayeso,
tinangopereka makalata a umboni.
Malo a digiri yachiwiri anali asanu ndi limodzi,
anayi anagwera anthu a mfunda umodzi.
Kalata yanga analemba ndi bwana
amene analakwitsa ndi dzina langa lomwe,
nandiuza kuti ndikaitenge kunyumba kwake madzulo.

Pepala ili lilibe mlamu.
Silimwa mowa ndi munthu,
silinandifunse kuti ndine mwana wa yani.
Ndi lakhungu, inde, koma lakhungu kwa tonse.
Kaya.
Nsapato zoyera zija zinkaiona njira.

Funso la makumi anayi ndi chisanu ndi chiwiri
linali la dothi lowawasa ndi laimu.
Ndinaseka mokweza, a Gerivaziyo anandiyang'ana.
Ndinadetsa kabokosiko mwamphamvu
mpaka pensulo inathyoka msonga,
ndipo poisongola ndinataya mafunso atatu.
Asanu ndi anayi omaliza ndinangowaza
ngati wofesa mawere mvula ikugwa.

Potuluka ndinayenda wapansi mpaka pa mlatho.
Zambezi ankapita zake, wosafunsidwa kanthu.
Foni inalira: mai Kandiyado a ku Tsangano.
"Alangizi, masamba ayamba mawanga,
koma si mawanga aja a chaka chatha."
Sanandipatse timabokosi.
Ndinati, atembenuzeni, kunsi kuli zoyera?
Mame anagwa bwanji usiku?
Tinayankhulana mpaka mayunitsi anatha.

Zotsatira akuti zituluka pakatha milungu itatu,
azimata pa khoma, nambala zokhazokha.
Yanga ndinailemba pa dzanja,
thukuta la Tete lafufuta kale ziwiri.